Mukamauza mnzanu buku loti awerenge, musamalekere pa "ndi labwino"

Anthu okonda mabuku akakumana, funso lakuti "mukuwerenga chiyani masiku ano?" silichedwa kutuluka. Yankho lake nthawi zambiri limakhala dzina la buku, kenako mawu akuti ndi labwino kwambiri, muliwerenge. Wofunsayo amalemba dzinalo pafoni, amalisaka bukulo, amawerenga masamba 20, n'kulisiya. Tsiku lina inu mukadzayamikiranso buku, iye amangovomera ndi pakamwa chabe, mumtima atatseka kale. Apa mwataya zinthu ziwiri, wowerenga wa bukulo komanso chikhulupiriro chimene mnzanuyo anali nacho pa mawu anu.

Ine ndimaona kuti kuuza munthu buku loti awerenge ndi ntchito yofuna luso, ndipo lusolo limaphunzirika. Munthu amene mukumuuzayo afunika adziwe zinthu zitatu: ngati bukulo likugwirizana ndi iyeyo, chimene akakumane nacho akalitsegula, ndi mmene angapezere buku lenilenilo osati lina lofanana nalo dzina.

Funsani kaye musanatchule buku

Musanatchule dzina la buku lililonse, mfunseni mnzanuyo buku lomaliza limene analiwerenga mpaka kumapeto mosangalala, ndi chimene chinamukoka m'bukumo. Kenako mfunseni buku limene analisiyira panjira, ndi pamene analisiyira. Funso lachiwirili ndi limene limaulula zambiri. Munthu akati "ndinalisiya chifukwa anthu ake anachuluka, ndimasokonezeka kuti uyu ndi ndani," mwadziwa kale kuti buku la mibadwo inayi ya banja limodzi silimuyenera pakali pano, ngakhale inu mumalikonda chotani. Akati "palibe chimene chimachitika, amangofotokoza mitambo ndi mapiri," mwadziwa kuti akufuna nkhani yothamanga.

Funso lachitatu ndi la nthawi. Amawerenga liti, ndipo kwa mphindi zingati? Wowerenga mphindi 15 asanagone, maso atalemera kale, amafuna buku la mitu ifupiifupi kapena nkhani zazifupi zoima pazokha. Buku la mitu ya masamba 40 limamugonjetsa chifukwa usiku uliwonse amaimira pakati pa mutu, mawa lake n'kuyamba kufufuza pamene nkhani inachokera.

Nancy Pearl, amene anagwira ntchito mulaibulale ku Seattle, ku America, ndipo amadziwika pa luso lopezera anthu mabuku owayenera, amati owerenga amalowa m'buku kudzera pa makomo anayi: nkhani yeniyeniyo, ampangankhani, malo amene nkhani ikuchitikira, ndi chiyankhulo. Kugawa kotereku n'kothandiza kwambiri kuposa kungoti buku lachikondi, lachifwamba kapena la mbiri yakale, chifukwa mabuku awiri achifwamba atha kusiyana kotheratu. Lina limakuthamangitsani kuti mudziwe wakupha ndi ndani, lina limakukhazikani m'mutu mwa wapolisi wotopa ndi moyo, mlandu n'kumayenda pang'onopang'ono.

Wolowera pakhomo la nkhani mumamudziwa ndi mawu akuti "sindinagone, ndimafuna ndidziwe kuti zithera pati." Wolowera pa ampangankhani amakamba za anthu a m'buku ngati achibale ake, amakwiya nawo, amawamvera chisoni, ndipo buku likatha amawasowa. Wolowera pa malo amati "ndimangomva ngati ndili komweko," kaya ndi mzinda wa zaka 300 zapitazo kaya ndi dziko longopeka. Wolowera pa chiyankhulo ndi uja amawerenga chiganizo kawiri, n'kuchikopera m'kope. Mabuku ambiri ali ndi makomo onse anayi, koma limodzi limakhala lalikulu kuposa enawo. Kulakwitsa kofala ndi kwa munthu wokonda chiyankhulo amene amapatsa mnzake wokonda nkhani yothamanga buku la mawu okoma koma loyenda mwakachetechete, kenako n'kumadabwa kuti mnzakeyo sadziwa zabwino. Amadziwa ndithu, koma mwamuimika pakhomo limene salowerapo.

Mabuku ofotokoza zenizeni, monga a mbiri, sayansi kapena zachuma, ali ndi funso lina lowonjezera: wowerenga ayenera kudziwa kale chiyani? Nenani poyera ngati bukulo likufuna kuti munthu akhale ndi maziko, ndiponso ngati lili ndi masamu, matebulo kapena mawu a m'munsi mwa tsamba ochuluka. Nenaninso chaka chimene linalembedwa. Buku la zaumoyo kapena la makompyuta lolembedwa zaka 20 zapitazo litha kukhala ndi malangizo amene anasinthidwa kale.

Uthenga wake uzioneka bwanji

Uthenga wabwino sufuna kutalika. Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimakwana. Taonani uwu, dzina la buku ndi la mlembi mutaziika pamwamba pake:

"Masamba 280, mitu 24 ifupiifupi. Ndi nkhani ya mayi amene wabwerera kwawo patapita zaka zambiri kukaika bambo ake, n'kupeza kuti nyumba inagulitsidwa mwakabisira. Wofotokoza nkhani ndi mayiyo mwini, ndipo si zonse zimene amanena zoti muzikhulupirire. Masamba 40 oyamba amayenda pang'onopang'ono, pirirani mpaka mutu wachisanu. Muli imfa ya mwana yofotokozedwa mwatsatanetsatane, ndiye ngati mtima wanu uli ndi bala lotere panopa, lidikireni kaye. Ndakuganizirani inu chifukwa munati mumakonda nkhani za abale okangana koma okondana."

Mu uthengawu muli kutalika kwa buku, poyambira nkhani, liwiro lake, chofooka chake, chenjezo, ndi chifukwa chimene mwasankhira munthu ameneyu. Chofookacho musachibise. Buku lililonse lili ndi pamene limatopetsa, ndipo mukamuuziratu mnzanu kuti chigwa chili pati, amachiwoloka podziwa kuti kutsogolo kuli bwino. Mukabisa, akafika pamenepo amaganiza kuti buku lonse ndi lotero.

Musakokomezenso. Mawu akuti "ili ndiye buku loposa onse amene ndinawerengapo" amasenzetsa bukulo katundu amene silingathe kunyamula. Ndipo musatumize mndandanda wa mabuku 15 kwa munthu amene wapempha loti awerenge mwezi uno. Mpatseni limodzi, mukachulutsa awiri osiyana mtundu. Mndandanda wautali umasungidwa, suwerengedwa.

Za kuulula mathero, malire amene ine ndimatsata ndi awa: nenani zimene zili m'gawo loyamba mwa magawo asanu a buku, ndiye kuti masamba 60 oyamba m'buku la masamba 300. Kupitirira apo kambani za mmene bukulo limamvekera, zochitika muzisiye. Dziwaninso kuti kunena kuti "kumapeto kuli chodzidzimutsa chachikulu" ndi kuulula kale, chifukwa wowerenga amayamba kukayikira munthu aliyense wa m'bukumo kuyambira tsamba loyamba. Mawu oyamba amene akatswiri amalemba kutsogolo kwa mabuku akale otchuka nawonso kawirikawiri amafotokoza nkhani yonse mpaka mathero. Muuzeni mnzanu awalumphe, adzawawerenge akamaliza.

Tsamba la kuseri kwa mutu wa buku

Anthu ambiri amalidumpha tsamba ili la zilembo zing'onozing'ono, pomwe ndi limene limathetsa chisokonezo chochuluka. Tsegulani chikuto, pitirirani tsamba lokhala ndi dzina la buku ndi la mlembi, n'kuyang'ana kuseri kwake. Pamenepo mupeza dzina la kampani yosindikiza, chaka chimene bukulo linatuluka koyamba, chaka cha kope limene mwagwiralo, dzina la womasulira ngati linachokera m'chiyankhulo china, ndi nambala ya ISBN.

ISBN ndi nambala yozindikiritsa buku padziko lonse. Kuyambira mu Januwale 2007 imakhala ndi manambala 13 ndipo imayamba ndi 978 kapena 979. Mabuku osindikizidwa chisanafike chaka chimenecho ali ndi ya manambala 10, ndipo akale kwambiri, a zaka za m'ma 1960 kubwerera m'mbuyo, alibiretu. Chofunika kudziwa n'chakuti ISBN imaloza mtundu umodzi wa buku. La chikuto cholimba lili ndi yake, la chikuto chofewa yake, la pafoni yake, ndipo buku likakonzedwanso n'kusintha zam'kati limalandira yatsopano. Nambala yomaliza ndi yotsimikizira zinzakezo, choncho mukalakwitsa nambala imodzi pokopera, makina osakira amakana. Njira yosavuta ndi kujambula tsambalo ndi foni n'kumutumizira mnzanuyo, kapena kujambula kumbuyo kwa chikuto pamene pali timizere ta bakhodi.

Chifukwa chiyani zonsezi? Mabuku osiyana amatha kukhala ndi dzina limodzi. Mabuku otchuka amakhala ndi makope ofupikitsidwa kapena ophweketsedwa kuti athandize ophunzira chiyankhulo, ndipo munthu atha kuwerenga la masamba 90 n'kumadabwa kuti zimene mumayamikira zija zili pati, pomwe inu munawerenga la masamba 500. Pa mabuku omasuliridwa nkhani ndi yaikulu kuposa apa. Buku limodzi lakale litha kukhala ndi omasulira asanu kapena kuposa, wina wolemba mawu achikale olemera, wina wolemba mopepuka. Mukayamikira buku lomasuliridwa osatchula womasulira, mwangonena theka.

Pa tsamba lomwelo mabuku ambiri ali ndi mzere wa manambala, monga 10 9 8 7 6 5 4. Nambala yaing'ono pa onsewo ndi imene ikunena kuti bukulo lasindikizidwa kangati, apa ndiye kachinayi. Kusindikizanso kotere kawirikawiri sikusintha mawu kapena manambala a masamba. Chimene chimasintha zam'kati ndi kope lolembedwa kuti lakonzedwanso kapena ndi lachiwiri, ndipo pa mabuku a sukulu ndi a ntchito kusiyanaku n'kofunika kwambiri.

Chikuto chokha musachikhulupirire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu oyamikira a kumbuyo kwa buku amasankhidwa ndi ogulitsa. Yeso labwino ndi kuwerenga tsamba loyamba, kenako tsamba limodzi lapakati. Tsamba loyamba mlembi amalipukuta kambirimbiri, lapakati ndi limene limaonetsa mmene amalembera tsiku ndi tsiku.

Mpatseni ufulu wolisiya

Pouza munthu buku, onjezani kuti likapanda kumugwira alisiye popanda manyazi. Nancy Pearl yemweyo ali ndi lamulo lake lodziwika: werengani masamba 50, ndipo ngati silinakukokeni lisiyeni. Amene apitirira zaka 50 achotse zaka zawo pa 100, yotsalayo ndiye masamba oti ayesere. Wa zaka 65 ayesa masamba 35 okha. Ine ndimangowonjezerapo kuti ngati mukudziwa kuti bukulo limadzuka patsamba 70, nenani nambalayo, kuti mnzanu asankhe yekha ngati afike pamenepo.

Ufuluwu umateteza ubwenzi. Munthu amene wabwereka buku, salikonda, koma akuopa kukuuzani, amalisunga miyezi isanu ndi umodzi ndipo amayamba kukuzembani.

Mukamawerenga pagulu

Gulu la anthu asanu kufikira asanu ndi atatu ndi limene limayenda bwino. Likachepera apo, awiri akajomba msonkhano wafa. Likapitirira anthu 10, olankhula amakhala atatu omwewo ndipo ena amangomvera.

Chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi kusawerengera nthawi. Aliyense ayeze liwiro lake: awerenge masamba 10 a bukulo ali ndi wotchi. Tinene kuti zatenga mphindi 20, ndiye kuti tsamba limodzi mphindi ziwiri. Buku la masamba 320 lifuna mphindi 640, pafupifupi maola 11. Pa milungu inayi, ndi masamba 80 pamlungu, kapena masamba 12 patsiku, mphindi zosakwana 25. Izi n'zotheka kwa munthu wapantchito. Buku la masamba 700 pa nthawi yomweyo lifuna masamba 25 patsiku, mphindi 50 tsiku lililonse osaphonya, ndipo ambiri sakwanitsa. Ligaweni miyezi iwiri. Yezani ndi wowerenga pang'onopang'ono kuposa onse m'gululo, ndipo muyeze pa buku lenilenilo, poti kukula kwa zilembo ndi kulemera kwa chiyankhulo zimasiyana.

Pogawa zowerenga, tchulani mitu osati masamba. Wina ali ndi la chikuto cholimba, wina la chikuto chofewa, wina akuwerenga pafoni pomwe masamba amasintha akangokulitsa zilembo, wina akumvetsera lojambulidwa mawu. "Mpaka kumapeto kwa mutu 8" aliyense amva chimodzimodzi.

Ngati mumakambirana pa WhatsApp, gwirizanani kuti uthenga uliwonse wokamba za nkhani uziyamba ndi nambala ya mutu, kenako mizere ingapo yopanda kanthu, kuti amene sanafikepo athe kuudumpha. Mapulogalamu ochezerapo a Telegram ndi Discord, komanso tsamba la pa intaneti la owerenga mabuku la Goodreads, ali ndi njira yobisira mawu mpaka munthu atawadina. Kusankha buku kuzizungulira, aliyense ndi mwezi wake, ndipo wosankhayo akhale ataliwerenga kale kapena atawerengako masamba 50, komanso atatsimikiza kuti makope okwanira apezeka. Pamsonkhano musayambe ndi funso lakuti "mwalikonda?" Woyamba kuyankha akangoti ayi mwamphamvu, ena amabweza mawu awo. Yambani ndi kupempha aliyense awerenge mokweza ndime imodzi imene anaiika chizindikiro. Zokambirana zimachokera pamenepo zokha, ndipo zimakhala pa zimene zili m'buku.

Nyenyezi za pa intaneti ndi mafayilo oyendayenda

Goodreads, imene inayamba mu 2007 ndipo kampani ya Amazon inaigula mu 2013, ndi yothandiza posunga mndandanda wa zimene mwawerenga, chimodzimodzi masamba ena ofanana nayo, LibraryThing ndi StoryGraph. Koma chiwerengero cha nyenyezi zimene owerenga amapereka poyamikira buku chisakutsogolereni chokha. Buku lachitatu pa mndandanda wa nkhani imodzi limapeza nyenyezi zambiri chifukwa olifikira ndi okhawo amene anakonda awiri oyamba. Buku lophunzitsidwa m'sukulu limatsitsidwa ndi ana amene analiwerenga mokakamizidwa. Ndemanga zothandiza kwambiri ndi za nyenyezi zitatu, poti wolembayo amanena zabwino ndi zofooka zomwe. Pofuna kudziwa makope osiyanasiyana a buku limodzi, masamba a pa intaneti a WorldCat ndi Open Library amawaonetsa pamodzi ndi zaka zake.

Za mafayilo a PDF amene amazungulira m'magulu, ndinene mosabisa kuti ngati bukulo likadali ndi mwini wake, kuligawa motero ndi kumulanda mlembi thukuta lake, ndipo olemba a mabuku osindikizidwa ochepa ndi amene amapwetekeka kwambiri. Mafayilowa nthawi zambiri amakhalanso osowa masamba, ndipo ena amabwera ndi mavairasi. Mabuku akale amene umwini wake unatha alipo aulere mwalamulo. Laibulale ya pa intaneti ya Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyamba mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000, ndipo LibriVox ili ndi ojambulidwa mawu ndi anthu odzipereka. Umwini umatha mosiyana malinga ndi dziko, m'maiko ambiri ndi zaka 50 kapena 70 mlembi atamwalira. Powerengera pafoni sankhani fayilo ya mtundu wa EPUB, chifukwa mawu amadzikonza molingana ndi kukula kwa sikirini. PDF imaumirira kukula kwa tsamba la pepala, ndipo mumatopa ndi kukokera uku ndi uku.

Kubwereketsa buku kuti libwerere

Mabuku ambiri obwereketsa satayika chifukwa cha kuba. Amatayika chifukwa mwini waiwala amene anam'patsa, wobwereka naye waiwala kumene analitenga. Lembani dzina lanu m'kati mwa chikuto ndi pensulo. Khalani ndi kope kapena tsamba la pafoni lolembapo dzina la buku, wobwereka, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Milungu inayi imakwana pa buku wamba. Nenani pomwepo kuti asabwereketsenso kwa wina osakuuzani, poti buku likadutsa m'manja atatu palibenso amene amadziona kuti ali ndi udindo. Buku limene simungalipezenso, kapena la chikumbutso cha munthu wina, musalitulutse m'nyumba. Ndi bwino kukana mwaulemu kusiyana ndi kusunga chakukhosi.

Ikanimo kapepala kosungira tsamba musanalipereke. Wopanda kapepala amapinda ngodya, kapena amaligoneka chafufumimba lili lotsegula, ndipo guluu wa pamsana wa buku la chikuto chofewa amathyoka, masamba n'kuyamba kuthothoka. Tsamba likang'ambika musamate ndi selotepi. Pakapita zaka imasanduka yachikasu, imamatuka, ndipo guluu wake amalowerera m'pepala n'kusiya banga losachoka. Tsamba lothothoka libwezereni ndi guluu woyera wa PVA, kamzere kopyapyala m'mphepete mokha, muike pepala losamata mbali zonse ziwiri, mutseke, n'kusanjikapo mabuku ena usiku wonse.

Buku likanyowa, changu n'chofunika chifukwa nkhungu imatha kuyamba pasanathe masiku awiri kapena atatu. Musaliyanike padzuwa ndipo musalisite. Lowetsani mapepala oyera omwa madzi pakadutsa masamba 20 aliwonse, muziwasintha akanyowa, kenako muliimike lotsegula pang'ono pamalo opita mphepo. Likatsala pang'ono kuuma, litsekeni n'kulipsinja ndi cholemera kuti masamba asapindike. Masamba onyezimira a zithunzi alekanitseni akadali onyowa, chifukwa akaumira pamodzi amamatana osathekanso. Posunga, mabuku akhale pashelefu yotalikira pansi ndi khoma lachinyezi, ndipo muziwasuntha nthawi ndi nthawi kuti muone ngati njenjete, mphemvu kapena chiswe zalowamo.

Buku likabwerera, mfunseni mnzanuyo pamene anafika ndi pamene anakodwa. Akati silinamukomere musalitchinjirize, funsani kuti linamutaya patsamba liti ndipo panali chiyani pamenepo. Lembani yankholo m'kope lomwe lija, pafupi ndi dzina lake. Mukadzafika pa mabuku atatu kapena anayi mudzakhala mutadziwa khomo limene munthuyo amalowera, ndipo lachisanu mudzasankha mosaphonya kwenikweni.